Momwe Gologolo Analimitsira Nduna Munda wa Ana a Nkhanga

Padangokhala. Amene muli maso nenani kuti tili tonse, osinza adzamva kwa anzawo.

Panali Nkhanga ndi mkazi wake, ndipo anali ndi ana atatu: Namawanga woyamba, Palasa wachiwiri, ndi mzime dzina lake Kanjere. Chaka china, atangotha kukolola zochepa zimene munda wawo unabereka, bambo Nkhanga anakodwa pamsampha. Mkazi wake poyesa kumuwonjola anathyoka mwendo. Mwamunayo anafera pomwepo, mkaziyo nabwerera kunyumba chokwawa.

Dziko limenelo linali la mfumukazi Ntchefu, wokalamba ndi wofatsa, amene ankasiya zambiri m'manja mwa nduna yake, Nguluwe. Kunali lamulo lakuti munda ukagona dzinja lonse osatulutsa kanthu umapita m'manja mwa nduna, ndipo ana a pakhomo lopanda nkhokwe amakakulira kwa nduna komweko, kumatunga madzi ndi kutola nkhuni. Nguluweyu ankadya za mtulo. Chibadwire anali asanagwirepo khasu, ndipo chimanga ankachidziwa chikakhala m'mbale basi.

Misozi isanaume, Nguluwe anafika pakhomo pa namfedwa.

"Pepanitu mayi," iye anatero, maso ali kumunda. "Nanga mwendowo uli chonchi, mundawu alime ndani?"

"Ana alipo, anduna."

"Ana ake atiwa? Ana a nkhanga amadziwa kufukula mbewu, kubzala sadziwa. Musavutike, kwathu malo alipo. Wamkuluyu azikatunga madzi."

Nguluwe atachoka, pa denga panatsika Gologolo, amene anamva zonse. Gologoloyu anali bwenzi la malemu la ponda apa nane mpondepo. Mudzi wonse unkamudziwa kuti ndi wa bodza lokoma ndi manja aulesi, koma pamanda pa mnzake analira kuposa abale. Anawo ankamutchula kuti bambo aang'ono, ndipo analidi aang'ono.

"Alamu, musalire," anatero Gologolo. "Mbewu ilipo?"

Mayi Nkhanga analoza pamwamba pa moto. Pamenepo pankalendewera chimanga chimene malemu anasankha yekha, chachikulu ndi chodzaza bwino, chitada ndi utsi kuti anankafumbwe asachiboole.

"Mbewu ndi imeneyo. Koma nthaka yauma gwa, ndipo makasu akuwalemera anawa. Inu alamu, mungalime?"

"Ine? Khasu ndi ine sitilonjerana. Koma wolima ndimupeza."

M'mawa mwake Gologolo anakakhala m'njira ya Nguluwe n'kumasisima.

"Ukulira chiyani, iwe?"

"Ndikulira mbatata za mnzanga, anduna. Asanafe anakwirira mbatata m'munda monse muja, mizeremizere, kuti ana adzadye dzinja lino. Ndikudziwa ndine ndekha. Koma zili pansi kwambiri, ndipo ine mphuno yanga njaifupi."

Nguluwe anameza malovu. Anaganiza kuti akadya mbatatazo, njala idzawathamangitsira anawo kwa iye mvula isanagwe.

"Kafukulidwe kake n'kotani?"

"N'kotsata mzere, dothi n'kumaliunjika mbali imodzi. Wokumba mwachisawawa zimamuthawa. Koma chonde musauzeko munthu."

Tsiku limene mudzi wonse unapita kukameta maliro a malemu Nkhanga, Nguluwe analowa m'munda ndi mphuno yake. Kumapeto kwa mzere woyamba anapeza kambatata kamodzi kamene Gologolo anaikapo. Anati eya, zilipodi. Anafukula mzere wina, napezanso kena. Anafukula, nafukula, mpaka munda wonse unatha, mphuno itasupuka, m'mimba muli timbatata tosakhutitsa ngakhale mbewa. Pobwera anthu anapeza munda wa Nkhanga uli mizere yokhayokha, yowongoka ngati yoyeza ndi chingwe.

Mvula yobzalira itagwa, mayi Nkhanga anatsitsa chimanga chija, ana natonola. Anawauza kuti njere za kunsonga ndi za kutsinde aziike padera, zobzala ndi zapakati. Zapaderazo anawakazingira, koma zinangowautsira njala.

Kumunda Gologolo anawaonetsa kukumba phando, kuponyamo njere zitatu, kukwirira ndi phazi, kenako kuponda patsogolo n'kukumbanso lina.

"Bambo aang'ono," anatero Palasa, "ife tili ndi njala, inu mukuti chakudya tichitaye m'dothi?"

"Sitikutaya. Tikuchigoneka."

Kanjere anagwira njere yake osaiponya. "Atate tinawagoneka m'dothi," iye anatero, "koma sanadzuke."

Gologolo anasendera kwa Kanjere. Kenako anakhala pansi pafupi ndi mwanayo.

"Atate ako sadzadzuka, mwanawe. Pa zimenezo sindikunamiza. Koma njere iyi anasankha ndi iwo, ndipo iyi idzadzuka. Uiponye, udzandiuza."

Kanjere anaponya, nakwirira pang'onopang'ono.

Koma Gologolo ankadziwa kuti mlomo wa nkhanga ndi njere sizikhalira pamodzi. Tsono anati, "Chatsala chinthu chimodzi. Mbewu imamera ikamva nyimbo. Ikapanda kumva, imagona mpaka kuwola." Pomwepo anayambitsa nyimbo. Iye ankatsogolera kufunsa kuti wagona pansi pa dothi ndani, ana n'kumavomera kuti ndi mlendo wa atate, asadzutsidwe ndi mlomo, adzadzuka yekha ndi mvula. Kumapeto kwake kunali kamfuu kakatali kofuna kuyasamula kukamwa konse, kakuti woimba sangameze kanthu. Mayi Nkhanga ali pakhonde anaimva nyimboyo, naseka koyamba chifereni mwamuna wake, pakuti anazindikira chimene mlamu wake ankatseka nacho milomo ya ana.

Namawanga ndi Kanjere anaimba mpaka kumaliza mizere yawo. Koma chapakati mawu a Palasa anazimirira.

"Palasa, nyimbo bwanji?"

"Pakhosi pakundiwawa, bambo aang'ono," anayankha mawu ali phwiii, ngati wa kanthu m'kamwa.

Gologolo anangoti, "Pepa."

Mbewu inamera. Kanjere ndiye anayamba kuona kansonga kobiriwira, ndipo anathamanga kukauza amake akugwa n'kumadzuka. Mizere ya Namawanga inamera, ya Kanjere inamera, koma ya Palasa inamera kuchiyambi kokha, kwinako dothi lokhalokha. Palasa anaima pamenepo mutu uli pansi. Namawanga anatsegula pakamwa kuti amukalipire, koma Gologolo anamutsogolera.

"Mizere iyi njogontha, sinamve nyimbo. Ikufuna woimba mokweza. Alamu, mbewu yatsalako?"

Mayi Nkhanga anatulutsa chimanga chimodzi chotsiriza chimene anabisa m'nsanza.

"Chimenechi chikatha, chatha," anatero akuyang'ana Palasa.

Palasa anabzalanso yekha m'mapando onse osamera, ndipo anaimba mokweza mwakuti madzulo pakhosi panamuwawadi.

Udzu unamera pamodzi ndi chimanga, ana nayamba kupalira. Apa ntchito inawakomera, chifukwa kupalasa ndi kwawo. Gologolo ankakhala pachitsa n'kumakuwa, "Cha masamba otambalala ndi mlendo, chinacho ndi wakuba! Wakuba zulani, mlendo musiyeni!" Anawaonetsanso kubzala nyemba ndi maungu m'mbali mwa mizere, kuti ndiwo zisamasowe. Koma patapita nthawi masamba a chimanga anayamba chikasu, mapesi naonda.

"Chili ndi njala ngati ife," anatero Namawanga. "Atate ankathira manyowa, koma ife tiwatenga kuti?"

Dzala lalikulu m'mudzi monse linali la Nguluwe, pakuti kwa nduna n'kumene kunkadyedwa zambiri. Linali lodzaza phulusa, makoko owola ndi ndowe zakale. Gologolo anapita komweko.

"Wabwera, wabodza iwe!" anakuwa Nguluwe. "Mbatata zija zinali kuti?"

"Munakumba mwaphuma, anduna, zinakumvani. Ine ndinanena. Koma lero ndabwera ndi pempho. Antchito anu akamataya za kudzala kuno, asayandikize kumunda kwa ana aja. Chimanga chayamba kale kudwala ndi fungo lokha. Zitati zafika patsinde pake, ndiye basi, alamu anga alira maliro achiwiri."

Nguluwe anaphethira timaso. Kuthyola chimanga sakanatha, chifukwa wothyola phesi la mnzake ankaweruzidwa pabwalo, kaya ndi nduna. Koma zinyalala sizithyola phesi.

"Patsinde, wati?"

"Patsinde pa chilichonse. Chonde muwauze."

"Ndiwauza. Pita."

Sanauze wantchito aliyense, kuopa kuti angaulule. Mbandakucha anasenza yekha dengu, ulendo ndi ulendo, kuthira patsinde pa phesi lililonse, mpaka dzala linatha, msana ukumuwawa.

Ana atafika anagwira mphuno. Kanjere anayamba kulira kuti wina waipitsa munda wa atate.

"Lekani kulira, tengani makasu," anatero Gologolo. "Chonunkha kwa inu, kwa mlendo ndi phwando. Kokerani dothi patsinde, mukwirire zonsezi, mzere ukwere. Kumeneko ndiko kubandira. Mphepo ikadza sadzagwa."

Anabandira akuimba nyimbo ija. Tsopano Gologolo ankafunsa kuti akudya m'dothi ndani, ana n'kumavomera kuti ndi mlendo wa atate, wadzuka, amufunditse miyendo asazizidwe. Kamfuu kakumapeto kanali komweko, ndipo Kanjere ankakakonda kuposa nyimbo yonse.

Chimanga chinabiriwira, nichikula kupitirira msinkhu wa Nguluwe. Koma nthawi imeneyo ndiyo ya njala yeniyeni. Pakhomo ankadya masamba a maungu ndi a nyemba, tsiku lina n'kugona ndi madzi okha. Mayi Nkhanga ankati wadya kale pamene sanadye. Gologolo anafukula mtedza wake wonse umene anakwirira chilimwe, kumabweretsa pang'onopang'ono n'kumati watola panjira. Mchira wake unayamba kuthothoka ubweya, koma akafunsidwa ankati ndi kametedwe katsopano.

Kenako chimanga chinamasula. Pamwamba panatuluka ngayaye, m'mbali munatuluka ndevu zofewa. Gologolo anaitana ana.

"Mukuona ufa wachikasu uli pangayayewo? Ukagwera pandevu, ndevu iliyonse imabala njere yake. Ukapanda kugwera, mudzasenda chitsononkho chopanda kanthu. Imagwetsa ndi mphepo."

"Koma mphepo kulibe," anatero Namawanga.

Kunalibedi. Kunja kunangoti zii. Ana anayesa kugwedeza mapesi, koma mapesiwo anali atanenepa, ndipo mphamvu zawo zinali zitatha ndi njala.

Gologolo ali m'njira kuganiza chochita, phazi lolemera linamuponda mchira.

"Lero suthawa," anatero Nguluwe. "Unati zinyalala zipha chimanga. Taona momwe chakulira!"

"Anduna, mchira!"

"Undiuze zoona. Ufa uli pamwamba pa chimangawo ndi wa chiyani?"

Gologolo anayang'ana Nguluwe, nayang'ana mchira wake. Kenako ananena zoona zokhazokha.

"Ndiwo umabereketsa. Ukayoyokera pandevu, chimanga chimadzaza. Tikusowa wotigwedezera."

Nguluwe anaseka mpaka mano onse kuonekera. "Wandipusitsa kokwana, kamunthu iwe. Ndakudziwa tsopano. Ukati kumanja, ndiye kuti kumanzere. Ufa umenewo ndiwo moyo wake. Ukayoyoka, chimanga chatha."

"Ndanena zoona, anduna."

"Khala chete!"

Dzuwa litakwera pang'ono, mame atauma, Nguluwe analowa m'munda. Anayenda mzere ndi mzere akukhula nthiti zake pamapesi, mosamala kuti asathyole ngakhale limodzi. Ufa unayoyoka ngati utsi, iye natuluka ali wachikasu kuyambira kumphuno mpaka kumchira, akuyetsemula, koma mtima uli mbee. Ana anabisala kuseri kwa chulu, ndipo Gologolo anawayambitsira nyimbo ija monong'ona. Anafunsa kuti akumeta ndevu za mlendo ndani, ana navomera kuti si kumeta, n'kudzoza. Pofika pakamfuu Namawanga anachita kumutseka pakamwa Kanjere.

Madzulo Gologolo anauza mlamu wake kuti, "Alamu, lero ndayesako kunena zoona. N'zoopsa. Zimagwira ntchito kuposa bodza."

Chimanga chinabereka, phesi lina ziwiriziwiri. Ndevu zitayamba kuuma, mayi Nkhanga anatsimphina yekha mpaka kumunda, nathyola choyamba, nachiotcha. Anagawira ana ndi mlamu wake, iye natenga kachidutswa ka kunsonga. Palasa atamaliza anati athyole zambiri.

"Chachiwisi n'cholawa," anatero amake. "Wodya munda wonse uli wauwisi amadzapempha chilimwe. Tizithyola cha lero lokha."

Chitauma anadula mapesi, nawaimika m'mikukwe, kenako nakolola. Mayi Nkhanga anakhala pansi n'kuluka nkhokwe, ana akumupatsira nsungwi. Poyamba penipeni anasankha chimanga chachikulu n'kuchipachika pautsi. Ndipo popeza mwendo sunkamulola kuima pamtondo, anaphunzitsa ana ntchito zonse za pakhomo ali chikhalire: kutonola, kukonola, kupeta, kuviika mphale, kusinja. Tsiku ndi tsiku ankawaonetsa china chatsopano chochokera m'chimanga chomwecho.

Nguluwe ataona nkhokwe itadzaza mpaka kudenga, mutu unamuzungulira. Anathamangira kwa mfumukazi Ntchefu, ndipo bwalo linaitanidwa.

"Wawa mfumu," anayamba Nguluwe, "chimanga chili kwa Nkhangacho ndi changa. Mizere ndinaunga ndine. Manyowa ndinathira ndine. Wogwedeza ndine."

Mfumukazi inatchera khutu. "Mwati munalima, anduna? Inu? Anakupemphani ndi mayiwa?"

"Sanandipemphe."

Gologolo anawomba m'manja mwaulemu. "Wawa mfumu, ndifunseko. Anduna athu ndi achifundo, tonse tikudziwa. Atiuze chabe: posenza dzala lawo lonse mbandakucha, osauza ndi wantchito yemwe, ankafuna chimangacho chitani?"

"Ndinkafuna chife!" anakuwa Nguluwe. "Ndi iweyo unandiuza kuti chifa!"

Nguluwe anamva mawu ake omwe atatuluka kale.

Mfumukazi Ntchefu inapukusa mutu. "Ndinakupatsani unduna kuti muzisunga ana amasiye, inu mukuwatchera njala. Unduna watha lero, ndi mtulo womwe. Munda ndi wa ana a Nkhanga." Inapuma pang'ono. "Komabe thukuta ndi thukuta, ngakhale la mtima woipa. Apatsidweko kanthu ka m'mundamo. Gologolo, pakamwa pako m'pamene panayambitsa zonsezi. Tchula."

"Atenge mapesi, wawa."

"Ayi!" anatero Namawanga. "Mapesi ena tamangira mpanda wa dimba, otsalawo tikwirira m'mizere kuti adyetse nthaka."

"Ndiye atenge zitsononkho."

"Zimenezo ndi nkhuni zathu," anatero Palasa. "Phulusa lake tithira m'nkhokwe, anankafumbwe asalowe."

"Makoko?"

"Amayi amakolezera moto," anatero Kanjere, "ndipo andilukira kampando."

"Chabwino, misere ya pansi pa lichero."

"Ya phala la m'mawa!"

"Njere zomera zija, zimene mwaziyanika padzuwa?"

"Chimenecho ndi chimera cha thobwa, bambo aang'ono! Simukudziwa?"

"Timaso ting'onoting'ono ta kunsonga kwa chimanga tija?"

"Tokazinga!" anakuwa onse atatu.

Gologolo anatambasula manja. "Mwamva nokha, wawa. Ine ndinawaphunzitsa kubisa njere m'dothi, amawo awaphunzitsa kuumira. M'chimanga mulibe chotaya."

Bwalo linaseka, ndi mfumukazi yomwe. Koma mayi Nkhanga sanaseke. Iye ankayang'ana kumbuyo kwa Nguluwe, kumene kunaima tiana take tamizeremizere, titaunjikana, tikuyang'ana bambo wawo. Tinali tisanamvetse kuti kuyambira tsiku limenelo kwawo sikudzabweranso dengu la mtulo.

"Wawa mfumu," iye anatero, "njala ya mwana ndikuidziwa. Gaga yense wa chimanga chathu apite kwa a Nguluwe. Nafenso tikanamudya, koma atenge. Ndipo anawo azibwera m'mawa kudzamwa phala ndi anzawo. Mvula ikagwa adzapite nawo kumunda, akaone kaponyedwe ka njere."

"Alamu," ananong'ona Gologolo, "ameneyu ankafuna kukulandani ana."

"Iyeyo. Osati tianato."

Nguluwe sanathe kudzutsa mutu. Anasenza dengu la gaga, napita osatsanzika. Pofika kunyumba anathira madzi m'gagamo, nalawa monyinyirika. Analawanso. Kenako anamiza mphuno yonse, osaitulutsa mpaka dengu linayera. Chinali chakudya choyamba pa moyo wake chimene anachikhetsera thukuta, ndipo chinamukomera kuposa za mtulo zonse. Mpaka lero a mtundu wake akaona gaga salankhula ndi munthu.

M'mawa mwake tiana ta Nguluwe tinafika pakhomo pa Nkhanga, tikukankhana, palibe kofuna kutsogola. Kanjere anatuluka ndi chipande, natiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Khalani pansi," iye anatero. "Koma musanamwe, mundiuze: phala limachokera kuti?"

"M'mbale," kanayankha kamodzi.

Kanjere anatembenukira kwa Gologolo, amene anali padenga kuwothera dzuwa.

"Bambo aang'ono, tsikani. Ntchito ilipo."

Nthano yanga yathera pomwepa. Wina athamange akandiphulire chimanga changa pamakala, chisanasanduke khala nachonso.